Funsani a Zaumoyo: Okosijeni, Chibayo ndi Mbaula

Agogo anga anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha phuma. Atawaika timapaipi ta okosijeni m'mphuno, achibale ena anakana, ati woikidwa mpweya umenewu satulukamo wamoyo. Tsiku lachitatu anamwino anauchepetsa agogowo akadali wefuwefu. Kodi amatengera chiyani? Mdzukulu wa ku Kapata, Chipata

Pepani ndi matendawo. Okosijeni woperekedwa pa mlingo woyenera sapha munthu. Mphekeserayi inayamba chifukwa amene amaikidwa mpweyawu ndi amene afika atafooka kale, ena atachedwera kunyumba sabata yathunthu. Akamwalira, anthu amaloza chala timapaipi, n'kuiwala chibayo chimene chinawagonetsa.

Sitiyang'ana kubanika kokha. Timapanitsa pachala kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, komwe kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100. Akatsika pansi pa 90, mpweya uyambe pomwepo. Timapaipi ta m'mphuno timapereka lita imodzi mpaka malita 5 pamphindi. Zikakanika timaika masiki, malita 5 mpaka 10, ndipo zikavutitsitsa timatenga masiki ya kathumba, malita 10 mpaka 15. Makina opangira okosijeni oima pambali pa bedi, ambiri amalekeza pa malita 5 kapena 10 ndipo amadalira magetsi, n'chifukwa chake wodwala kwambiri amamusamutsira pa silinda. Kachipangizo kapachala nako kamanama zala zikazizira, zikhadabo zikapakidwa penti kapena wodwala akamanjenjemera, choncho nambala yodabwitsa timaipimanso pachala china.

Za kuchepetsa, zifukwa zimakhala ziwiri. Choyamba, nambala ikakwera n'kukhazikika timatsitsa pang'onopang'ono kuti tione ngati mapapo ayamba kudzidalira. Chachiwiri n'chimene ambiri sachidziwa. Achikulire amene anasuta fodya zaka zambiri, kapena amene akhala akuphika ndi nkhuni m'khitchini yopanda windo, amakhala ndi mapapo oonongeka, matenda otchedwa COPD. Otere akapatsidwa okosijeni wochuluka, mpweya woipa wa carbon dioxide umaunjikana m'magazi, munthu amayamba kusinza, abale n'kumati wapeza bwino pamene akukomoka. Kwa iwowa timafuna 88 mpaka 92 basi. Funsani anamwino nambala imene akuifuna pa agogo anu, ndipo chonde musapotokole nokha pampopi pa silinda.

Amuna anga akhala akutsokomola masabata atatu. Amoxicillin tagula kawiri osasintha. Kukiliniki m'malo mowabaya jekeseni anapempha makhololo ndi kuyeza HIV. Si kutichedwetsa kumeneku? Mayi wa ku Katete

Ayi mayi, anachita bwino. Chifuwa chopitirira masabata awiri, chomwe chakana amoxicillin kawiri, timayamba tachiganizira TB, makamaka ngati pali kuonda ndi thukuta la usiku. Makhololo amapimidwa pamakina a GeneXpert, omwe amamaliza m'maola ngati awiri, ndipo amanenanso ngati kachilomboko sikamva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Ikapezeka TB wamba, mankhwala ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi, miyezi 4 yotsala mitundu iwiri.

Musawagulire mankhwala a ciprofloxacin kapena levofloxacin podikira zotsatira. Amenewa amafooketsa TB pang'ono, munthu n'kuoneka ngati wachira, zoyeza n'kusokonekera, kenaka matenda n'kubweranso atalimba.

Kuyeza HIV kumasintha chithandizo. Munthu amene CD4 yake (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) ili pansi pa 200 angakhale ndi chibayo china chotchedwa PCP: chifuwa chouma, kubanika kumene kumakula pang'onopang'ono, ndipo akangoyenda mapazi ochepa okosijeni amagwa. Chimenechi sichimva amoxicillin. Chimafuna Septrin wa mlingo waukulu masiku 21, kuonjezera mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone ngati mpweya watsika.

Kuti wachibayo agonekedwe kapena apite kunyumba, timaona zinthu zinayi: ngati mutu wasokonezeka, ngati akupuma ka 30 kapena kuposa pamphindi, ngati BP yapamwamba ili pansi pa 90 kapena yapansi ili 60 kutsika, komanso ngati wafika zaka 65. Wopanda chilichonse mwa izi, okosijeni wake ali bwino, angamwere mankhwala kunyumba. Wokhala ndi ziwiri agonekedwe. Zitatu kapena zinayi ndiye kuti zafika poipa, ndipo kiliniki imamutumiza kuchipatala chachikulu monga St Francis kwanuko kapena Chipata Central Hospital, ali pa okosijeni njira yonse. Jekeseni payokha siposa mapilitsi kwa munthu amene akutha kumeza ndipo sakusanza.

Mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu akagwidwa chimfine, ndingadziwe bwanji kuti chasanduka chibayo? Kukiliniki n'kutali. Bambo wa ku Chadiza

Dikirani mwana akhale chete, osalira, osayamwa. Kwezani malaya, yang'anani pamimba, muwerenge mpweya mphindi yathunthu ndi wotchi ya pafoni. Kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kufika 50 ndi kupuma mofulumira. Wosakwana miyezi 2 malire ndi 60, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Akafika pamenepo apite tsiku lomwelo. Koma ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati pokoka mpweya, akukana bere, akusanza chilichonse, akugwidwa njirinjiri kapena sakudzuka bwino, musadikire kuche.

Akamuyeza malungo ndi kuchuluka kwa magazi musadabwe. Mwana wa malungo aakulu kapena wochepa magazi kwambiri amapuma mozama ndi mofulumira mapapo ali bwinobwino, ndipo mankhwala a chibayo okha sangamudzutse.

M'bale wathu anapezeka atakomoka m'chipinda momwe anagona ndi mbaula mu Julayi. Kachipangizo kapachala kanaonetsa 98, koma anamuika okosijeni wambiri. Chifukwa chiyani? Wowerenga wa ku Sinda

Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umamatirira m'magazi pamalo pa okosijeni. Kachipangizo kaja sikatha kusiyanitsa mipweya iwiriyi, ndiye 98 yakeyo inali yabodza. Apa timakhulupirira zimene abale afotokoza, osati nambala. Masiki ya kathumba pa malita 15 imachotsa poizoniyo msanga: theka lake limatuluka m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi, pamene ndi mpweya wamba pamafunika maola 4 kapena 5. Ena amene anagona m'chipindamo, akamamva mutu, chizungulire kapena mseru, nawonso akapimidwe ngakhale akuyenda okha.