Tchipi cha flash chikamawerengeka koma n'kumakana kulembedwa

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Chibavi amene amakonza madikoda ndi mawayilesi a kanema pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu. Iye anazula tchipi cha flash cha W25Q64, chimene chimasunga pulogalamu ngakhale magetsi atazima, pa bolodi yakufa n'kuchilumikiza ku Arduino Uno, kabolodi kamene munthu amakalembera pulogalamu kuti kazilamula zipangizo zina. Kuwerenga kukutheka bwinobwino, koma akalemba, nthawi zina zakale zimangokhala momwemo, nthawi zina mumatuluka zinthu zimene iye sanalembe. Funso lake ndi lakuti, kodi tchipicho chinapsa, agule china?

Ndalamayo isungeni kaye, achimwene. Tchipi choti chikuwerengeka bwino nthawi zambiri chimakhala chamoyo. Chovuta n'chakuti tchipi chamtunduwu sichidandaula. Mukachitumizira lamulo pa nthawi yolakwika, chimangolitaya mwakachetechete, inu n'kumaganiza kuti ntchito yatheka. Choncho kulemba si lamulo limodzi ayi, ndi mndandanda wa malamulo, ndipo lililonse lili ndi malo ake.

Tiyambe ndi kufunsa tchipicho dzina lake. Tsitsani mwendo wa CS pa 0V, womwe ndi mwendo woyamba, wouza tchipi kuti mukulankhula nacho, tumizani lamulo la 0x9F, werengani mabaiti atatu (baiti imodzi ndi mabiti asanu ndi atatu, ndipo biti iliyonse imakhala 0 kapena 1), kenako kwezani CS pa 3.3V. Ma W25Q64 ambiri amayankha EF 40 17. EF ndi nambala ya kampani ya Winbond, pomwe 17 akunena kukula kwake, 8 MB. Cha Macronix chimayamba ndi C2, cha GigaDevice ndi C8. Mukaona FF FF FF kapena 00 00 00, siyani pulogalamu, onani mawaya. Muonenso mwendo wachitatu, WP, ndi wachisanu ndi chiwiri, HOLD. Yonse iwiri ilumikizidwe ku 3.3V. HOLD akangosiyidwa lende, tchipi chimagwira ntchito lero, mawa n'kukana, ndipo munthu umataya tsiku lonse ukukayikira zinthu zosalakwa.

Tsopano pa kulemba penipeni. Musanalembe kapena kufufuta, mumatumiza 0x06, lamulo lotchedwa Write Enable. Lili ngati odi wa pakhomo: kuodira kwa dzulo sikukulowetsani lero, ndipo mukatuluka n'kubweranso mumaodiranso. Lamuloli limayatsa biti yotchedwa WEL m'kati mwa tchipi, ndipo bitiyo imazima yokha ntchito imodzi ikangotha. Ambiri amatumiza 0x06 kamodzi kumayambiriro kwa pulogalamu, n'kufufuta, n'kulemba. Kufufutako kumatheka, koma kulembako kumatayidwa poti WEL inazima kale. Komanso 0x06 ayende yekha: CS pansi, 0x06, CS m'mwamba. Mukaphatikiza 0x06 ndi lamulo lotsatira CS ali pansi chikhalire, tchipi sichiwerengera, chifukwa kukwera kwa CS ndiko kumachiuza kuti lamulo latha, chiyambe kulichita.

Za zinthu zachilendo zimene mukuziona zija, ndikukayikira kuti simukufufuta musanalembe. Flash ikamalemba imangotha kusandutsa 1 kukhala 0. Kubweza 0 kukhala 1 ndi ntchito ya kufufuta basi, ndipo malo ofufutidwa amawerengeka FF. Taonani chitsanzo ichi. Pamalo pena pali chilembo A, chomwe ndi 0x41, kapena kuti 01000001. Inu mukulembapo B, 0x42, yemwe ndi 01000010. Biti yomaliza ichoka pa 1 kupita pa 0 popanda vuto. Koma yachiwiri kuchokera kumapeto ikufunika kuchoka pa 0 kupita pa 1, zomwe sizingatheke. Chotsala ndi 01000000, 0x40, chizindikiro cha @. Si A, si B. Mukachita zimenezi pa fayilo yonse, mutuluka phala lenileni.

Kufufuta sikuchitika baiti imodziimodzi. Gawo laling'ono kwambiri ndi 4 KB, ndipo lamulo lake ndi 0x20 lotsatiridwa ndi mabaiti atatu a adiresi, kuyambira baiti yaikulu. 0xD8 amafufuta 64 KB, 0xC7 amasesa tchipi chonse. Ndiye ngati mukufuna kusintha baiti imodzi yokha, muyenera kuwerenga gawo lonselo, kusintha kumbali, kufufuta, n'kulembanso. Apa Uno imakupanikizani, poti RAM yake, malo osungira zinthu kwakanthawi, ndi 2 KB yokha, gawo limodzi silikwanamo.

Mukatumiza lamulo lofufuta, tchipi chimatanganidwa. Gawo la 4 KB limatenga mamilisekondi makumi angapo, nthawi zina mpaka 400, pomwe tchipi chonse chimatha masekondi 20 kapena kuposa. Nthawi yonseyi malamulo owerenga, olemba ndi ofufuta chimawanyalanyaza, ngakhale 0x06 amene. Koma 0x05 chimayankha. Lamuloli limabweretsa baiti imodzi yonena mmene zinthu zilili m'katimo: biti 0 ndi BUSY, biti 1 ndi WEL ija. Muzifunsa mobwerezabwereza mpaka BUSY atakhala 0. Ndimaona anthu akuika delay, kudikira nthawi yongoyerekeza, m'malo mofunsa, ndipo ine njira imeneyi sindiikonda ngakhale pang'ono. Imagwira pa tchipi chatsopano, koma pa china chimene chafufutidwa kambirimbiri nthawi ikhoza kutalika, pulogalamu n'kumalemba tchipi chisanamalize.

Mndandanda wonse ndiye uli motere: 0x06, kenako 0x20 ndi adiresi, dikirani BUSY azime, 0x06 kachiwiri, kenako 0x02, lamulo lolemba, ndi adiresi ndi zolembazo, dikiraninso, pomaliza werengani ndi 0x03 n'kufananiza ndi zimene munatumiza.

Pa 0x02 pali msampha wina umene umagwira ngakhale akatswiri. Lamuloli limalemba m'kati mwa tsamba limodzi la mabaiti 256, ndipo silidumphira tsamba lotsatira. Tinene kuti mwayambira pa adiresi 0x0000F0 n'kutumiza mabaiti 32. Oyamba 16 akhala pa F0 mpaka FF monga mumafunira. Otsalawo sapita pa 0x000100 ayi, abwerera kumutu kwa tsamba lomwelo, pa 0x000000, n'kuwononga zimene zinali pamenepo. Pulogalamu yanu izidula zolembazo pamalire a tsamba lililonse, ndipo chidutswa chilichonse chikhale ndi 0x06 wakewake.

Mwina mukuona ngati opanga anangofuna kutivutitsa. Ayi, n'chitetezo. Tchipi chimenechi ndiye chimasunga pulogalamu yodzutsa dikoda kapena BIOS ya laputopu, ndipo magetsi akamaphethira monga amachitira nthawi ya mvula kuno, purosesa ikhoza kutumiza zopanda pake pa mawaya. Kukanakhala kuti baiti imodzi yosokera ikukwanira kufufuta, bwenzi madikoda akufa tsiku ndi tsiku. Matchipi akale a miyendo yambiri, monga SST39SF040, ali ndi mwambo wautali kuposa apa: mumalemba AA pa adiresi 5555, 55 pa 2AAA, A0 pa 5555, kenako baiti yanuyo, ndipo mumabwereza zonsezi pa baiti iliyonse.

Chimene chingaphedi tchipi chanu ndi mphamvu ya magetsi. W25Q64 wamba chimafuna pakati pa 2.7V ndi 3.6V, koma miyendo ya Uno imatulutsa 5V. Kuchidyetsa kuchokera pa 3.3V ya bolodi sikukwanira ngati miyendo ya CLK, DI ndi CS ikulandirabe 5V. Ikani level shifter, kachipangizo kotsitsa 5V kufika pa 3.3V, pakati, kapena samukirani ku bolodi ya ESP32 imene imagwira ntchito pa 3.3V kale, ndipo RAM yake ndi yokwanira. Mukakumana ndi cholembedwa W25Q64FW, chimenecho n'cha 1.8V, samalani kwambiri. Ndipo tsiku limene mudzagwire tchipi cha kasitomala, werengani kawiri, fananizani mafayilo awiriwo, sungani, kenako muzifufuta, makamaka pa laputopu ya batire yabwino kuti magetsi asakuthimireni pakati.

Ngati mwatsata zonsezi koma chikukanabe, werengani 0x05 musanachite chilichonse. Mukapeza 0x1C, ndiye kuti mabiti a chitetezo, BP0, BP1 ndi BP2, ndi oyaka, ndipo opanga dikodayo anachikhoma tchipicho. Potsegula, WP akhale pa 3.3V, tumizani 0x06, kenako 0x01, lamulo losintha mabiti amenewa, ndi 00, dikirani BUSY azime, muwerengenso. Mukandilemberanso, munditumizire mabaiti atatu a 0x9F aja, ndi zimene 0x05 akuyankha musanatumize 0x06 komanso mutangomutumiza. Pa tchipi chosakhoma, yachiwiriyo iyenera kukhala 0x02.