Kwa achimwene a ku Mufakose mu Harare amene akuopa tsiku lopuma pa ntchito

Kalata yanu ndinaiwerenga usiku, achimwene, ndipo tulo tinandithawa. Mwati muli ndi zaka 58, mwayendetsa malole akuluakulu kuyambira muli mnyamata, ndipo kwatsala zaka ziwiri kuti akupumitseni. Mukufunsa kuti, "Ndizidzadzukira chiyani m'mawa? Kapena ndingopita ku Dedza kwawo kwa bambo anga, ngakhale sindinapondeko phazi?"

Mwatchula Dedza ine n'kukumbukira bambo anga. Iwo anachoka ku Ntcheu m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anadzera ku Tete, kuoloka Zambezi mlatho usanamangidwe, n'kufika mu Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ali ndi bulangeti limodzi. Anayamba ndi ntchito yophika m'nyumba ya azungu ku Avondale, kenako anapeza malo ku Harari, kumene lero tikuti Mbare. Moyo wawo wonse ankati ali paulendo. Kunsi kwa bedi kunali bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhala ndi loko. Munali suti yakuda yosavalidwapo, nsalu ziwiri za azilongo awo, nsapato zokulungidwa m'nyuzipepala ndi timipira toletsa njenjete. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ankalitsegula, kuyanika zovala padzuwa, n'kutsekanso. "Ndikadzapuma tizidzapita kwathu." Anapumadi. Koma azilongo aja anali atamwalira, makalata anali atasiya kubwera, ndipo ife ana tinali pasukulu konkuno. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kumbuyo kwa nyumba zaka zingapo, osadwala kwenikweni, kungofota. Suti ija anaivala tsiku limene tinawaperekeza kumanda a ku Warren Hills.

Machona ambiri anatha motero. Chimene ankadzukira m'mawa chinali mudzi umene unali kutsogolo, ndipo tsiku limene anazindikira kuti sadzaufikanso, mphamvu zinawathera. Ife obadwira kuno tinatengera maganizo omwewo popanda mudziwo. Anzathu Achishona akapuma amakwera basi ku Mbare Musika kupita kwawo ku Murewa kapena ku Gutu, kuli munda ndi khola zikuwadikira. Ife kwathu ndi nambala ya nyumba ya khonsolo. Ndipo musaiwale kuti lamulo la unzika la Zimbabwe la 2001 linatisiya ambiri ndi zitupa zotitcha alendo m'dziko lomwe tinabadwira. Zinatengera malamulo aakulu a dziko a 2013 kuti obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC awerengedwe ngati nzika, ndiponso Chichewa chilembedwe pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Munthu amene anauzidwa kwa zaka zonsezo kuti si wa kuno, n'zosadabwitsa kuti akamakalamba maso amaloza kumpoto.

Koma ndinene mosabisa: musasamukire ku Dedza. Kacheze, inde. Basi imadzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, mukaone manda a agogo anu, mukadye mbatata za kachewere za kumeneko. Koma kwathu kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Munda umatsata mbumba, ndipo kumudzi kwa bambo anu eni nthaka ndi ana a azakhali anu. Adzakulandirani ndi nkhuku tsiku loyamba, ndipo adzakondwa zenizeni. Mwezi wachitatu mudzayamba kufunsa malo olima pamene iwo eni ake akugawana timinda tochepa kale. Mayi a kunyumba, amene mwati ndi a ku Chivhu, adzakhala ndani kumeneko? Ndaona anthu akugulitsa nyumba ku Highfield n'kupita, ndipo ndaona ena mwa iwo akubwerera kudzachita lendi kachipinda ku Epworth. Zimandipweteka mtima mpaka lero.

Nkhani ya ndalama nayo siingalekedwe. Amene amalangiza okalamba kuti aziyenda kukaona maiko sanakhale mu Harare mu 2008. Mu Januwale 2009 tinagwira ndi manja athu pepala limodzi la ndalama lolembedwa 100 trillion, ndipo chaka chomwecho, dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, penshoni zimene anthu anasonkha moyo wawo wonse zinali zitasungunuka. Boma linachita kukhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi mu 2015, motsogozedwa ndi Justice George Smith. Ine ndinagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ya fakitale ina ku Southerton, ndipo zimene ndinalandira popuma sizikanagula ngakhale malata a chipinda chimodzi. Choncho ambirife kupuma kwenikweni kulibe. Manja agwirabe kanthu. Chofunika n'chakuti agwirire ndani.

Miyezi yoyamba ndinkavala bwino m'mawa, kukwera kombi kupita m'tauni, kuyenda mu First Street ngati ndili ndi kopita, n'kubwerera masana. Palibe amene ankandidikira kulikonse. Izi n'zimene zimapha munthu, achimwene, kuposa njala.

Chinandichotsa mumsewumo ndi buku. Mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro anayamba kuvutika maso, ndipo akuluakulu anati popeza ine ndinazolowera kulemba katundu, nditenge ntchitoyo. Anandipatsa mabuku akale achikuto chakuda, msana wofiira, masamba atasanduka achikasu. Pa tsamba lililonse analemba ndi rula mizere: dzina, mudzi, mfumu, boma, kenako zopereka za mwezi ndi mwezi. Ntcheu, Dedza, Mangochi, Zomba, ena Fort Johnston monga ankatchulira Mangochi kale. Mabungwe amenewa makolo athu anawayambitsa chifukwa munthu wofera kuchilendo analibe mbale womugulira bokosi. Ndinkaganiza kuti ntchito yanga idzakhala kuwerenga ndalama basi. Koma kunayamba kubwera achinyamata. Mtsikana wina wa ku Dzivarasekwa anafika ndi mwana kumbuyo, akufuna kudziwa kumene agogo ake anachokera kuti akonzetse mapepala. Tinatsegula buku, ndinatsata ndi chala mpaka tinapeza dzina, mudzi ndi mfumu. Anajambula tsambalo ndi foni, manja akunjenjemera. Anandithokoza m'Chishona, chifukwa Chichewa amangomva koma sayankhula.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndimakhala ndi ana kutchalitchi kwathu, mu Sinodi ya Harare ya CCAP, kuwaphunzitsa kuwerenga chilankhulo cha agogo awo. Timayamba ndi nyimbo za m'buku, chifukwa pa maliro masiku ano oyambitsa nyimbo ya Chichewa atsala ochepa, onse aimvi. Sindiwadzudzula makolo. Ana akulira m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndiwo moyo wa kuno. Koma ngati ife sitiwapatsa, palibe wina adzawapatse.

Ndine wa mpingo, ndipo pa zambiri sindigwirizana ndi akuluakulu a Gule Wamkulu a ku Mabvuku ndi ku Tafara. Komabe sindinamvepo mmodzi wa iwo akudandaula kuti alibe chodzukira. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza gule ameneyu mu 2005, koma iwo anali kale ndi anyamata owafunsa za ng'oma, za nyimbo, za mwambo. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mawu amenewa amagwira ntchito ngati anthu akudziwa khomo lanu ndipo azolowera kugogoda.

Tsono muchite chiyani?

Pitani ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, chaka chino, musadikire kalata yopumira. Zosonkha zinayamba mu Okutobala 1994, ndipo kuti mulandire penshoni ya mwezi ndi mwezi pamafunika miyezi 120 yosonkha. Onetsetsani kuti miyezi yanu yonse inalembedwa. Zaka zopumira ndi 60, koma oyendetsa malole akuluakulu ali m'gulu la ntchito zolemetsa limene limaloledwa kupuma pa zaka 55, choncho kafunseni kuti inu muli pati. Ndalama yobwera kamodzi musaiponye yonse mu kombi ya mphwanu. Nyumba musagulitse.

Ndipo musayembekezere zaka ziwirizo kuti zithe. Inu mumadziwa msewu wa Beitbridge ndi wa Chirundu usiku ndi usana, mumadziwa kumva injini ikamadwala, mumadziwa mapepala a pa chipata. Ku Mufakose kuli anyamata ambiri amene ali ndi laisensi koma alibe wowaonetsa zimenezi. Sankhani awiri, muwauze kuti Loweruka likubwerali afike kwanu 7 koloko m'mawa. Mukapita ku Dedza kukacheza mudzandilembere, ndili ndi maina a midzi ingapo ya kumeneko imene ndikufuna wina akandifunsireko.