External imodzi ya Windows, Mac ndi Ubuntu: yankho kwa mchemwali amene wandilembera

Mchemwali wina wanditumizira imelo kufunsa kuti agule external iti yotchipa, poti kunyumba ali ndi laputopu ya Windows, kuntchito amagwiritsa ntchito MacBook, ndipo mng'ono wake ali pa Ubuntu. Achemwali, funso lanuli landikhudza pachilonda, ndiye mundipirire.

Ine ndimajambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Chaka china ndinajambula chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga, ndipo mnzanga wina wa Mac ndi amene anakonza kanemayo. Atamaliza anaika zonse pa external ya banjalo, imene anaifomata pa Mac yake yomweyo. Patapita masabata, azakhali anatuma mnyamata kuti akatsukitse zithunzi pa shopu ina mtauni. Atailumikiza pa kompyuta ya Windows, panatuluka uthenga woti diskiyo ikufunika kufomatidwa isanagwiritsidwe ntchito. Wa pa shopuyo sanafunse munthu, anangodina. Makhadi a kamera anali atajambulidwa kale ukwati wina, mnzanga uja anali atafufuta zake kuti apeze malo. Malonje, malangizo a ankhoswe, agogo athu akuvina, agogo amene anatisiya chaka chomwecho, zonse zinapita. Tinapulumutsako zithunzi zina ndi pulogalamu ya PhotoRec, koma kanema wamkulu anatuluka wodukaduka. Mpaka lero azakhali amaikumbukira nkhaniyi mowawidwa mtima.

External ija inalibe vuto lililonse. Vuto linali mmene inafomatidwira. Pali mitundu yosiyanasiyana ya kafomatidwe ka diski. Mac imakonda APFS, yomwe Apple inabweretsa mu 2017, kapena HFS+ yakale ija, ndipo Windows payokha siwerenga ziwirizi. Windows nayo ili ndi NTFS, imene Mac imatha kuwerenga koma siyilemba. Mumatsegula mafayilo bwinobwino, koma mukafuna kuikapo kanthu imakana. Ambiri akaona zimenezi amati external yafa, amakagula ina. FAT32 imagwira paliponse, ngakhale pa wailesi ya m'galimoto ndi ma TV akale, koma siyilola fayilo imodzi yoposa 4GB. Kanema wa ukwati sakwana pamenepo.

Yotsala ndi exFAT. Microsoft inaitulutsa mu 2006, Mac inayamba kuiwerenga ndi kuilemba mu 2010, ndipo mu 2019 Microsoft inatsegula malamulo ake poyera, n'kulowa mu Linux yeniyeni. Ubuntu ndi mtundu umodzi wa Linux, choncho ya masiku ano imaitsegula popanda kuwonjezera chilichonse.

Pano ndinene mosabisa: zoti pa bokosi alembapo "for Mac" musaziwonjezerere ndalama. Mkati mwake ndi diski yomweyo, kusiyana kwake ndi kufomata basi, ntchito imene mungaichite nokha m'mphindi zochepa. Zimandipweteka kuona wogulitsa akuuza mayi wosadziwa kuti ayenera kugula ma external awiri, ina ya kuntchito ina ya kunyumba. Kumeneko ndi kudyera anthu masuku pamutu.

Koma chimene chimandikwiyitsa koposa ndi mafulashi achinyengo. Mukaona fulashi yolembedwa 1TB kapena 2TB ikugulitsidwa mtengo wa fulashi wamba, isiyeni pomwepo. Mkati muli kachipangizo kakang'ono kamene akakonza kuti kazinamiza kompyuta. Mukamakopera zinthu zimaoneka ngati zikulowa, mayina a mafayilo amaonekanso, koma malo enieni akadzaza, zatsopano zimafufuta zakale kapena zimangotayika. Mumadzazindikira tsiku limene mukuzifuna. Ana asukulu ataya ma project awo chifukwa cha zimenezi, ndipo ogulitsawo ena amadziwa bwino lomwe chimene akugulitsa. Pali mapulogalamu aulere oyesera, H2testw pa Windows ndi F3 pa Linux ndi Mac. Amadzaza diski yonse kenako n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera. Zimatenga maola, koma chitani musanaikepo chilichonse chanu. Musasokoneze ndi izi: external yeniyeni ya 1TB imaoneka ngati 931GB pa Windows. Kumeneko sikuberedwa, ndi kawerengedwe chabe.

Ndipo poti tatchula mashopu osindikiza, external yanu yaikulu isamapite kumeneko. Kavairasi kaja kamene kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut kamafalikira pa makompyuta a Windows amene aliyense amalowetsapo fulashi yake. Khalani ndi kafulashi kena kakang'ono ka maulendo otere, kokhala ndi zokhazo zimene mukukasindikiza.

Ndiye mugule iti?

Ngati ndalama ndi zochepa ndipo mukufuna malo ambiri, gulani hard drive ya 1TB ya 2.5 inch, monga Seagate Expansion, WD Elements kapena Toshiba Canvio, pa shopu yopereka lisiti. Siyifuna magetsi apadera, imadya a pa USB. Mkati muli mbale zozungulira, choncho siyifuna kugwetsedwa kapena kugwedezedwa ikugwira ntchito. Ngati mumayenda nayo pa minibasi tsiku ndi tsiku, SSD ya 500GB, imene ilibe mbale zozungulira mkati, ndi yabwinoko ngakhale malo achepe. MacBook zatsopano zili ndi USB-C, ndiye onani chingwe kapena mugule ka adapter. Ikadali yopanda kanthu, ifomateni kukhala exFAT, pa Windows kapena mu Disk Utility pa Mac. Kufomata kumafufuta zonse, choncho yambani ndi zimenezi. Kenako ikanipo fayilo imodzi yaikulu n'kuyesa pa makompyuta onse atatu.

Chimodzi chokha chokhudza exFAT: ilibe kaundula wodzitetezera amene NTFS ndi ma format ena ali naye. Mukaizula ikulemba, kapena magetsi akathima muli pa desktop yopanda batire, mafoda akhoza kuwonongeka. Muzidina Eject nthawi zonse, makamaka pa Mac. Komanso Time Machine, pulogalamu ya Mac yosungira ma backup, siyigwira pa exFAT, ndiye external imeneyi ndi yonyamulira zinthu pakati pa makompyuta atatuwo. Zithunzi za banja ndi zikalata zofunika zikhalenso pa laputopu kapena pa Google Drive, imene imapereka 15GB zaulere.