Musasiye ntchito chifukwa cha mawu a mneneri yekha

Mayi, chonde musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa chakuti mneneri wanena kuti Mulungu walamula, pakuti moto umenewu unandiwotcha kale ine. M'chaka cha 2016 mwana wanga wamwamuna anayamba kutsokomola usiku wonse ndi kuonda, ndipo ndinapita naye ku mapemphero ochezera pa phiri la Soche. Amene ankatsogolera anandigwira pamutu, natsinzina, nanena kuti Mzimu wamuululira kuti akudya mwanayo ndi azakhali anga. Mtima wanga unagunda kwambiri, ndipo kugundako ndinakuyesa umboni wa Mzimu Woyera, pamene anali mantha chabe.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Thyolo. Ndinawapeza akusinja, ndipo ndinawatchula mfiti pamaso pa adzukulu awo ndi anthu amene ankachokera kumjigo. Sanandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Anatsamiritsa musi kukhoma, napukuta manja pachitenje, nalowa m'nyumba, mayi amene anandilipirira sukulu ndi ndalama zothyola tiyi. Patapita milungu itatu achipatala anapeza kuti mwanayo anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo atamwa mankhwala miyezi 6 anachira. Nditabwerera kwa munthu uja anandiuza mopanda manyazi kuti ndi pemphero lake limene lamuchiritsa, kenako anandigulitsanso botolo la mafuta odzozera. Azakhali anamwalira mu 2018 tisanadyerenso mbale imodzi, koma iye mpaka lero akugwirabe anthu pamutu.

Deuteronomo 18:22 amanena kuti mawu a mneneri akapanda kuchitika ndiye kuti sanachokere kwa Yehova, 1 Yohane 4:1 amatilamula kuyesa mizimu, ndipo Yakobo 3:17 amati nzeru yochokera kumwamba ndi yamtendere. Mawu amene ine ndinamva anali ondithamangitsa ndi ondidanitsa ndi abale. Musalole munthu aliyense kukumverani Mulungu m'malo mwanu. Komabe pitani kwa abusa anu kapena kwa amayi achikulire a mumpingo mukawafotokozere zonse, chifukwa ngakhale Samueli anathamangira kwa Eli katatu, ndipo anali Eli amene anazindikira amene ankaitana.

Sindikukana kuti Mulungu amalankhula. Ndili pa siteji ku Limbe tsiku lija, mumtima mwanga munali kaliwu kapansipansi kondiuza kuti ndibwerere kunyumba, koma ndinakayesa Satana. Inu dikirani mwezi wathunthu mukupemphera, ndipo Lolemba mupite kuntchito.