Funsani Dokotala: mutu sukundipatsa mtendere chibayireni jakisoni wa kumsana

Adokotala muli bwa? Ine ndimakhala ku Mabvuku ku Harare, ndachira Lachiwiri lapitali pa siza ndipo anandibaya jakisoni wa kumsana uja wochititsa dzanzi. Mwana ali bwinobwino. Koma chiyambire Lachinayi mutu adokotala, ndikangodzuka kuti ndiyamwitse umachita ngati wina akundikoka ubongo cha kunkhongoku, m'makutu kumangolira, koma ndikagona chagada pakangopita kanthawi zonse zii ngati ndimanama. Apongozi anga akuti anandilasa mtsempha ndiye ndizivutika choncho mpaka kalekale. Zoona zimenezi?
Mayi wa ku Mabvuku

Mayi, choyamba tikuti mwachira ndithu. Apongoziwo muwauze mwaulemu kuti mtima ukhale pansi, zomwe mwafotokozazi sizikumveka ngati za mtsempha ayi.

Nkhani yake ili chonchi. Ubongo ndi chingwe chake chotsikira kumsana zimakhala m'kathumba ka madzi oyera mbee, pafupifupi 150 ml basi, osadzadza nkomwe kapu ya tiyi. Ubongo umayandama m'madzimo. Singano ija imaboola kathumbako kuti mankhwala alowe, ndiye kwa ena kabowoko sikatsekeka msanga, madzi amangodontha pang'onopang'ono. Mukakhala tsonga kapena kuimirira amadontha kwambiri, ubongo nkutsamira pansi kumakoka zinthu zomwe zaugwirizira, mukagona umabwerera m'malo mwake. Nchifukwa chake mukuoneka ngati mukunama pamene ululu wake ndi weniweni. Kawirikawiri umayamba masiku asanu asanakwane chibayireni, ndipo umakonda amayi achitsikana ngati inuyo. Ngakhale August Bier, dokotala wa ku Germany yemwe anayambitsa jakisoni ameneyu mu 1898, atayesedwa singanoyo pamsana pake anagona masiku naini mutu uli ng'ang'ang'a, ndiye simuli nokha.

Chabwino chake thupi limapanga madzi amenewa tsiku lililonse pafupifupi hafu lita, kabowo kakangotsekeka basi zatha, ambiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amakhala ataiwala.

Pakadali pano yamwitsani mutagona chammbali, mwana muzimuika pafupi kuti musamangodzukadzuka. Panado ndi bulufeni zilibe vuto poyamwitsa bola mutsate mlingo womwe anakulemberani, koma ngati muli ndi BP, zilonda za m'mimba kapena vuto la impso bulufeniyo yambani mwafunsa. Kapu ya khofi kapena tiyi wa masamba ambiri imathandiza ena kwa maola angapo, makapu awiri pa tsiku akwana, mukaonjeza mwana azingolira osagona. Imwani madzi mwa nthawi zonse, kumwa chigubu chonse sikutseka bowo. Ndipo poti ndatchula chigubu, ndikudziwa mavuto a madzi ku Mabvuku, koma za kumjigo zisiyeni kaye, apongozi omwewo kapena bambo a mwana akatunge. Kuchimbudzi musamadzikakamize, idyani masamba ndi zipatso.

Pakapita masiku awiri atatu osasintha, kapena mutu ukukulepheretsani ngakhale kusambitsa mwana, bwererani komwe munachirira mukafunse dokotala wogoneka anthu pa opaleshoni. Pali chithandizo chotchedwa blood patch, amatenga magazi anu omwe pamkono pafupifupi 20 ml nkuwabaya pamsana pafupi ndi kabowo kaja, magaziwo akaundana amamata ngati chigamba pa chubu cha njinga. Ambiri amapepukidwa tsiku lomwelo, ena amafunika kubwereza. Popita musakwere kombi ngati mungathe, pezani galimoto yoti mugone kumbuyo.

Koma apa mvetsetsani mayi, chifukwa si mutu uliwonse wa mayi wongochira kumene womwe uli wa singano. Thupi likatentha, khosi likauma gwa, mutu ukasiya kumvera kugona, mukayamba kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mbuu, kusokonezeka, kukomoka, mwendo kapena mkono kufooka, mkodzo kulephera kuugwira, musadikire kuti kuche, pitani usiku womwewo ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena chipatala chachikulu chomwe chili pafupi. BP ya mimba imatha kukwera mwana atabadwa kale mpaka masabata sikisi, ndiye ngakhale lero lomwe wina akuperekezeni ku kiliniki akakuyezeni.

Ena mwandilembera za achibale omwe akukana kutengedwa madzi a kumsana poti akuti amapha. Mutu womwewu ukhoza kubwera, inde, ndipo umathandizidwa chimodzimodzi. Koma amene amatengedwa madziwo nthawi zambiri amakhala akudwala kale kwambiri, monga meninjaitisi (matenda oumitsa khosi), ndipo madziwo ndi omwe amatiuza mankhwala oyenera kumupatsa. Mukapemphedwa kusaina funsani mafunso onse omwe muli nawo, kenako muvomere asanafooke.