Mwendo wanuwo simunaponde kanthu

Kalata ya mayi wina wa ku Balaka yandisowetsa tulo. Akuti chaka chatha magazi anaundana mumtsempha wa mwendo, anamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, miyezi 6, koma mpaka lero mwendowo umatupa ndi kulemera dzuwa likapendeka. Apongozi awo akuti anaponda mankhwala, akatemedwe mphini. Achite bwanji?

Mayi, njira imeneyi ndinayendamo. Wanga unali wakumanzere, patangotha milungu iwiri nditachira mwana wachiwiri pa opaleshoni. Nditamaliza mankhwala ndinkati zatha. Koma pofika 4 koloko madzulo nsapato inkakana kulowa, ndikadina chala pamsongolo pankatsala kadzenje. Khungu la pakakolo linada ngati lapsa ndi moto, kuyabwa kwake kosagonetsa. Tsiku lina azakhali anabwera ndi lezala ndi kaphulusa kokulunga m'pepala. Ndinavomera, chifukwa ndinali nditatopa. Mphini ziwiri zinapola. Yachitatu inasanduka chilonda cha miyezi inayi, chotuluka madzi, moti kutchalitchi ndinkakhala benchi ya kumbuyo kuopa kuti anzanga amva fungo.

Azakhali sindiwada, anachita mwachikondi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti kuchipatala palibe anandikhazika pansi kundiuza kuti izi zimachitika. M'mitsempha yobweza magazi kumtima muli tizitseko toletsa magazi kubwerera pansi. Magazi akaundana amawononga tizitsekoto, nthawi zina n'kusiya njira yopanikizika, ndiye magazi amangodikha kumunsi. Madokotala amati post-thrombotic syndrome, ndipo imagwira anthu 20 mpaka 50 mwa 100 alionse amene anadwalapo DVT, kutanthauza kuundana kwa magazi m'mitsempha yamkati mwa mwendo. Warfarin amateteza kuti magazi asaundanenso, sakonza tizitseko. Mawu ochepa chonchi akanandipulumutsa ku lezala. Munthu ukamutulutsa ndi mapilisi okha popanda kumufotokozera, kumudzi akamupatsa tanthauzo lawo, ndipo ufiti suchedwa kutchulidwa.

Ndimaganizanso za azimayi a geni okwera basi ya ku Johannesburg, usana ndi usiku miyendo ili chopinda, katundu pamapazi. Basi ikaima, tsikani muyendeyende kuti magazi asaundane, chonde. Inunso amene mukadali pa warfarin, musamve zoti musiye mpiru ndi bonongwe. Idyani mlingo wofanana masiku onse, ndipo mukayamba mankhwala a TB uzani adokotala, chifukwa ena mwa mankhwalawo, otchedwa rifampicin, amafooketsa warfarin.

Tsono muchite izi

Bwererani kuchipatala akaunike mwendowo, atsimikize kuti magazi sanaundanenso. Funsani masokosi othina a chipatala ofika m'bondo, koma ayambe aona ngati magazi akufika bwino kuphazi, makamaka ngati muli ndi shuga. Muziwavala m'mawa musanatsike pabedi, mwendo usanatupe. Yendani tsiku lililonse, katumba ndiye amapopa magazi kukwera. Mukapuma, gonani chagada mwendo uli pamapilo, upitirire mtima. Pakakolo muzidzola mafuta, ndipo kabala kakangooneka musadikire. Mukamva kubanika kapena kubaya pachifuwa mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, mwina magazi oundana afika kumapapo.

Za apongozi, musakangane nawo. Atengeni popita kuchipatalako akamve okha. Koma lezala lisakhudze mwendo umenewo.