Khodi ya bambo wachikulire ili ndi vuto: ndiwauze bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Mufakose, yemwe amalemba mapulogalamu pakampani ina yogulitsa katundu muno mu Harare. Abwana ake amupatsa ntchito younika khodi ya SQL Server (pulogalamu yosungira deta m'matebulo) yomwe analemba mnzake wapantchito, bambo amene wakhalitsa pakampanipo. Khodiyo imasintha mitengo kuchoka m'madola a ku America kupita ku ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo imayenda ndi cursor, njira yodutsa m'tebulo mzere umodziumodzi. Funso lake ndi lakuti: "Mavuto ndawaona, koma ndiwauza bwanji bambowa kuti ndisaoneke wamwano?"

Achemwali, khodi munatumizayo ndaiwerenga kawiri, ndipo mwachita bwino kuti simunangoivomereza chifukwa cha ulemu.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Cursor ikutenga mzere umodzi, kuchulukitsa mtengo ndi reti yatsikulo, n'kulemba zotsatirazo pamwamba pa mtengo wakale, popanda BEGIN TRANSACTION, lamulo loyambitsa transaction, imene imamanga zosintha zonse pamodzi kuti zichitike zonse kapena zibwezedwe zonse. Tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira kuno. Tiyerekeze kuti seva yazima ntchito ili pakati. Mizere ina yasanduka ZiG, ina idakali m'madola, ndipo palibe chizindikiro chosonyeza pamene cursor inalekezera. Mmawa wina aiyendetsanso, ndiye thumba la shuga lachulukitsidwa kawiri. Wapakauntala sadziwa za cursor. Iye angoona kasitomala akumukalipira.

Chachiwiri chabisala m'kati mwa WHILE @@FETCH_STATUS = 0, gawo limene limabwereza ntchitoyo malinga ngati cursor yapeza mzere. Bambowa anaika CONTINUE kuti adumphe katundu wopanda mtengo, koma FETCH NEXT, imene imatenga mzere wotsatira, ili pansi pake, ndiye nayonso imadumphidwa. Ikakumana ndi NULL (malo opanda mtengo) imodzi yokha, cursor siyendanso, @@FETCH_STATUS ikhalabe 0, ndipo pulogalamu izingozungulira pamzere womwewo mpaka wina aiphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: vutoli silioneka mukamayesa ndi tebulo loyera bwino.

Kusowa kwa CLOSE ndi DEALLOCATE, malamulo otsekera ndi kuchotsera cursor, ndi nkhani yaing'ono. Mukaiyendetsa kachiwiri pa connection yomweyo, idzakana kuti cursor ya dzina limenelo ilipo kale. Mizere iwiri ya khodi, zatheka.

Koma ine maganizo anga ndi akuti cursor pano siyofunika n'komwe. Zili ngati kukatunga madzi kumjigo ndi kapu, maulendo ambirimbiri, ndowa ili poteropo. UPDATE imodzi (lamulo losintha mizere yambiri nthawi imodzi) yokhala ndi WHERE yosankha mizereyo ingagwire tebulo lonse, ndipo ikalephera pakati, SQL Server imabweza zonse mmene zinalili. Mtengo wa madola ukhale m'column yakeyake osakhudzidwa, wa ZiG uzilembedwa kwina, kuti ngakhale muiyendetse katatu yankho likhale lomwelo. Sindikunena kuti cursor ndi yoipa paliponse ayi. Ine ndimaigwiritsabe ntchito popanga backup ya ma database angapo motsatizana, ndipo pamenepo ndimalemba LOCAL FAST_FORWARD, kutanthauza cursor yongowerenga mopita patsogolo, yogwira m'khodi yomweyo basi.

Tsono za bambowa. Musalembe zonsezi pa imelo yoti abwana aione poyamba. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pagulu amaumitsa khosi ngakhale akudziwa kuti walakwa. Koperani tebulolo pa seva yoyeserera, muikemo mzere umodzi wa NULL, kenako mupite pa desiki pawo nthawi ya tiyi. Munene kuti, "Bambo, ndimayesa khodi ija ndiye yandiimira apa, mungandithandize kuona?" Si bodza, yaimadi. Aone okha ikuzungulira. Kenako muidule dala pakati, muwaonetse mitengo yosakanikirana. Mufunsenso chifukwa chimene anasankhira cursor, pakuti mwina pali trigger yakale (khodi yoyenda yokha tebulo likasinthidwa) imene imangodziwa mzere umodzi pa nthawi, zomwe inu simunauzidwe. Ngati ilipo, UPDATE yanu ingaononge zinthu, ndipo iyenera kukonzedwa kaye.

Akakana kuchotsa cursor, musalimbane nawo lero. Koma pa transaction ndi CONTINUE ija musagonje, ndipo musasaine kuti khodiyo yadutsa ziwirizi zisanakonzedwe. Mundilemberenso kuti ndimve mmene zayendera.